Mmene tinakonzera kaboti ka mamita 6.50 kuti kawoloke Atlantic

Boti linafika pa yadi yathu ku Lorient, ku France, mu Januwale, lili pa ngolo, litakutidwa ndi lona yong'ambika. Mpikisano unali wa kumapeto kwa Seputembala chaka chinacho, ndiye tinali ndi miyezi pafupifupi 20. Ukaiona pa kalendala imaoneka yambiri, koma m'miyezi yomweyo mwini boti akuyenera kupanga mipikisano ing'onoing'ono, akuyenera kuyenda ulendo woyesedwa kuti amulole kulowa nawo, akuyeneranso kusangalatsa sponsa amene watulutsa ndalama, ndipo boti likakhala pamadzi ine sindingaligwire. Ndalemba lipotili chifukwa anyamata amene akuyamba kumene ntchito yokonza maboti a mpikisano akhala akundifunsa kuti kodi ndalama ya sponsa ikalowa umayambira pati, nde ndaona kuti bola ndingofotokoza nkhani imodzi yonse mmene inayendera, ndi pomwe ineyo ndinalakwitsa pomwe.

Mpikisano wake ndi Mini Transat. Anauyambitsa ndi Bob Salmon wa ku Britain mu 1977, nthawi imeneyo amanyamukira ku Penzance kudzera ku Tenerife mpaka ku Antigua, koma masiku ano uli m'manja mwa a ku France ndipo umachitika kamodzi pa zaka ziwiri. Munthu amakhala yekhayekha m'boti lotalika mamita 6.50, mulifupi osapitirira mamita 3. Ifeyo tinkakonzekera njira yonyamukira ku Les Sables d'Olonne ku France, kukaima ku Santa Cruz de La Palma kuzilumba za Canary, kenako kuwoloka mpaka ku Saint-François ku Guadeloupe, kuzilumba za Caribbean, zonse pamodzi mamailo a panyanja opitirira pang'ono 4,000, ndipo mailo imodzi ya panyanja ndi mamita 1,852. Maboti ali m'magulu awiri. A proto ndi omwe anthu amayeserapo nzeru zatsopano, a kaboni, keel yake (chipsepse cholemera chapansi pa boti choliletsa kugadabuzika) imapendekeka, ndipo ndi komwe David Raison anapambanira mu 2011 ndi boti la mphuno yobulungira lomwe anthu ambiri ankaliona ngati lachilendo. A série ndi opangidwa ku fakitale ofananafanana, mlongoti wa aluminiyamu, keel yosasuntha yozama mamita 1.60. Lathu linali la série, logula kwa munthu, litawoloka kale nyanja kawiri.

Chomwe chimalamulira ntchito yanga yonse ndi lamulo limodzi la gulu la Mini, loti panyanja palibe kulankhula ndi kumtunda. Foni ya satelaiti ayi, kompyuta ayi, GPS ndi ija yongokupatsa manambala opanda mapu pa sikirini, mapu ndi apepala. Za nyengo amamvera kamodzi patsiku pa kawailesi ka SSB kongolandira, ndipo wailesi yolankhulirana ya VHF imangofika kwa maboti omwe ali pafupi. Ndiye chinthu chikathyoka pakati pa nyanja usiku, mnyamatayo sangandiimbire kuti akulu waya uja amadutsa pati. Zimenezi ndimazidziwa ndithu kuyambira pachiyambi, koma muona kutsogoloku kuti kudziwa kwanga sikunafike m'manja mwanga.

Mwini boti anali mnyamata wa zaka za m'ma 20, wakhama, wodziwa kuyendetsa boti koma zida za m'manja anali asanazizolowere kwenikweni. Boti anagula ndi ndalama zake zosunga kuphatikiza ngongole. Sponsa inali kampani yapakatikati, sinditchula dzina, ndipo kontirakiti inati adzapereka ndalama m'magawo atatu, iwo n'kupeza dzina lawo pa boti ndi pa matanga, masiku angapo okayenda panyanja ndi antchito awo, komanso nkhani ndi zithunzi tsiku lililonse la mpikisano. Gawo loyamba la ndalama linalumikizidwa ndi tsiku lojambula zithunzi mu Malichi, boti lili ndi mitundu ya kampani. Mnyamatayo anasaina asanandionetse, sindimuimba mlandu, munthu ukakhala wagogoda m'makampani ambiri osayankhidwa ndiye wina n'kuvomera, cholembera chimathamanga chokha.

Sabata yoyamba sindinagule kanthu olo kamodzi. Tinatulutsa zonse za m'kati, tinatsitsa mlongoti, tinatsuka boti mpaka m'makona, kenako ndinatenga kahamala kapulasitiki n'kuyamba kugogoda thupi lonse la boti pang'onopang'ono, chikhatho ndi chikhatho. Faibala yabwino imalira mokuthwa, pomwe yamatuka m'kati imalira mogonthoka ngati ukugogoda katoni yonyowa. Mbali zonse zinali bwino kupatula kumbuyo kwa keel, m'kati, pomwe pali nthiti zonyamula mphamvu ya keel. Penti inali ndi timing'alu tating'ono ngati tsitsi, titapala tinapeza nthiti imodzi italekana ndi thupi la boti kutalika ngati dzanja langa. Izi zimachitika boti likagunda pansi likuthamanga, keel imakankhidwira kumbuyo, kutsogolo kwake imakoka pansi, kumbuyo kwake imabaya m'mwamba, ndiye ukafuna kudziwa ngati boti linagundapo mwala uyang'ane kumbuyo kwa keel osati pomwe pali chipsera panja. Wina anapentapo bwinobwino pamwamba pake, kaya ankadziwa kaya ayi.

Tinatsitsa keel yonse, mabawuti ake tinawachotsa limodzilimodzi. Awiri anali ndi timaenje tadzimbiri pamalo pomwe amabisika m'kati mwa faibala. Anthu amaganiza kuti stainless sichita dzimbiri, imachita, makamaka pomwe pali madzi amchere ongokhala opanda mpweya, ndipo imadyeka m'kati mutu wa bawuti ukuwala bwinobwino. Kenako ziwongolero. Mabotiwa ali ndi ziwongolero ziwiri zopachikidwa kumbuyo pa zitsulo, ndiye zitsulozo ndinazipopera mankhwala ofiira aja olowa m'ming'alu, kupukuta, kupoperanso oyera, ndipo pa chitsulo cham'munsi cha kumanja panatuluka kamzere kofiira motsatira pomwe anawotcherera. Ndi maso sukanakaona. Mawaya ogwira mlongoti palibe amene ankadziwa zaka zake, ndipo ine waya wosadziwika zaka zake ndimamutenga ngati watha basi.

Nditawonkhetsa zonse, keel, zitsulo za ziwongolero, mawaya a mlongoti ndi magetsi omwe ndifotokoze pansipa, zinadya pafupifupi gawo lonse loyamba la ndalama. Koma gawo limenelo sponsa anali atalikonzera kale zake, thanga lalikulu latsopano, spi yayikulu yamitundu ya kampani (spi ndi thanga lopyapyala lofufuma lakutsogolo, loyendera mphepo ikamachokera kumbuyo), ndi kumata boti lonse ndi sitika. Apa ndi pomwe panali povuta pa ntchito yonseyi. Mnyamatayo amaopa kuti akabwerera kukapempha kusintha mapulani aoneka ngati wosadziwa zomwe akuchita, anandiuza kuti, "Akulu, bwanji tiyambe tapanga za zithunzizi, keel tidzaione gawo lachiwiri likalowa?" Ndinamuuza kuti mphwanga, gawo lachiwiri likulowa utayenda kale mamailo 1,000 wekha pa ulendo woyesedwa uja, kukafika kufupi ndi Ireland n'kubwerera, ine boti ili sindilitsitsira m'madzi lili chonchi, ukafuna peza wina.

Tinapita limodzi ku ofesi ya kampaniyo. Mayi amene amayang'anira za malonda anali munthu womvetsera, kungoti za maboti samazidziwa, ndipo panalibe chifukwa choti azidziwe. Sindinapite ndi mapepala ambiri, ndinanyamula chitsulo chija chili ndi kamzere kofiira ndi bawuti mmodzi wodyeka, ndinaziika patebulo. Ndinati mayi, ichi chikathyoka ku Bay of Biscay, nyanja ya pakati pa France ndi Spain, boti limatembenukira kumphepo spi ili m'mwamba, likagona chammbali mlongoti ukhoza kupita, ndipo chithunzi chomwe anthu adzaone cha dzina la kampani yanu chidzakhala cha boti likukokedwa. Anachitenga chitsulocho n'kuchitembenuza kwa kanthawi, kenako anafunsa funso labwino kwambiri, kuti nanga pa tsiku la zithunzi tidzaonetsa chani. Tinagwirizana kuti tidule zilembo za dzina lawo n'kumata pa thanga lakale lomwe linali likadali loyera bwino, thupi la boti timate mbali ziwiri zokha osati lonse, spi yamitundu idikire chaka chinacho. Ndinawauzanso kuti malo ena pa boti si athu, pali malo a nambala ya boti ndi malo omwe okonza mpikisano amasungira masponsa awo, ndipo keel ndi ziwongolero zimapentedwa mtundu wowala wa olenji kuti boti likagadabuzika lioneke, sizingakhale za mtundu wa kampani.

Za matanga atsopano ndinenepo maganizo anga. Kugula matanga a mpikisano miyezi 18 mpikisano usanafike ndi kutaya ndalama ngakhale keel ikanakhala yabwino, chifukwa thanga limatha ndi dzuwa ndi kupindapinda, likamafika tsiku lonyamuka lidzakhala litafutukuka. Akale ndi ophunzirira, atsopano abwere miyezi itatu kapena inayi nthawi isanakwane kuti munthu awazolowere basi.

Magetsi ndiwo anandidyera nthawi yambiri, ndipo ndi oyenera kutero. Munthu amene ali yekha sangagwire chiwongolero usana ndi usiku kwa masabata awiri, amene amayendetsa boti nthawi yambiri ndi autopilot, makina owongolera boti okha, iye akugona, akusintha matanga, akudya. Autopilot ikafa ulendo wasanduka wina. Mawaya omwe tinawapeza anali osakanikirana, eni ake awiri akale aliyense anawonjezera zake osachotsa za mnzake, ena anali mawaya wamba a kopa omwe anada bii m'kati chifukwa cha mchere. Ndinazula onse. Ndinaika mawaya okutidwa ndi tini, onenepa mokwanira, chifukwa pa mavoti 12 waya wowonda amataya mphamvu panjira ndipo autopilot ikakoka mwamphamvu pa funde lalikulu, zida zimazima n'kuyakanso, pa nthawi yomwe ukuzifuna kwambiri.

Kenako tinakhala pansi kuwerengera. Chida chilichonse tinachiyeza ma amp omwe chimadya n'kuchulukitsa ndi maola omwe chimayaka patsiku, autopilot, zida zoyezera mphepo ndi liwiro, GPS, VHF, AIS (chida chochenjeza za zombo zomwe zili pafupi), nyali zapamwamba pa mlongoti. Autopilot ndiyo imadya kuposa zonse, komanso kadyedwe kake kamasintha, panyanja yabata imangonyambita, koma mphepo ikamachokera kumbuyo mafunde akukankha boti imagwira ntchito osapuma. Ine ndimawerengera tsiku loipitsitsa osati tsiku labwino. Mbali yolowetsa mphamvu tinaika masola awiri kumbuyo oti azitha kupendeketsedwa kutsata dzuwa, ndi kamakina ka methanol kochajira mabatire mitambo ikaphimba. Sola payokha ndimaikayikira pa gawo loyamba la ulendo, lopita ku La Palma, ku Biscay kumapeto kwa Seputembala kukhoza kuchita mitambo masiku otsatizana, ndipo ngakhale kum'mwera kwadzuwa kuja, masana ena spi imaphimba masola ndi mthunzi wake. Tinaikanso mkono wachiwiri wosungira wa autopilot, uja wokankha chiwongolero, ndi kaautopilot kena kakang'ono kokoleka pa mpini wa chiwongolero kokhala ndi waya wakewake ndi fyuzi yakeyake.

Tikuwerengera choncho ndi pomwe nkhani ya zithunzi za tsiku lililonse inatulukira. Ndinafunsa mnyamatayo kuti kodi zithunzi zimenezi uzidzatumiza bwanji poti foni umaisiya kumtunda, anangoti kakasi. Kampani inkaganiza kuti zikhala ngati Vendée Globe, mpikisano wa maboti akuluakulu wozungulira dziko lonse, pomwe oyendetsa amatumiza mavidiyo ali pakati pa nyanja. Tinabwereranso kwa mayi aja, nthawi ino zinali zosavuta chifukwa tinali titadziwana. Kontirakiti inasinthidwa, tsiku lililonse kampani izilandira nkhani yolembedwa ndi mchemwali wake wa mnyamatayo poyang'ana mapu a pa intaneti omwe amaonetsa pomwe boti lililonse lili, ine ndizimuthandiza kufotokoza chifukwa chomwe wakhotera uku kapena uko, ndipo mavidiyo azidzaperekedwa ku La Palma ndi ku Guadeloupe. Makamera awiri ang'onoang'ono ndinawamangira malo okhazikika, kuchaja kwake ndinakuika m'mawerengero a magetsi, ndipo tinagwirizana poyera kuti mabatire akatsika kamera ndiyo yoyamba kuzimitsidwa.

Kuti munthu aloledwe mu Mini Transat akuyenera kukwanitsa mamailo 1,500 m'mipikisano ya gululi, kuphatikizanso ulendo wa mamailo 1,000 ali yekha osaima, ndipo zonsezi ndi boti lomwelo lomwe adzapite nalo. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, ndiye kuchedwa kumakuika pa mndandanda wodikira. Njira ya mbali ya Atlantic imazungulira chizindikiro cha Coningbeg kum'mwera kwa Ireland, Rochebonne ndi mlatho wa Île de Ré chakugombe la France. Mnyamata wathu ananyamuka mu Julayi boti lili bwino, ine mtima uli m'malo.

Anabwerako atatha masiku 9, maso ali psuu, manja otupa. Autopilot yayikulu inafa akuchoka ku Ireland, mphepo ikuwomba kutsogolo, boti likumenya mafunde. Anasintha mkono n'kuika wosungira uja, osatheka. Kaautopilot kakang'ono kanagwira ntchito pomwe nyanja yadekha koma mafunde akakula kamalephera, ndiye anawongolera ndi manja maola ambirimbiri, kuti agone amachita kuimitsa boti. Njira imeneyo kumadutsa zombo zazikulu zambiri, ndipo chombo choyenda ma knot 18, kutanthauza mamailo 18 pa ola, chimatha mamailo 6 pa mphindi 20, n'chifukwa chake anthuwa amagona mphindi 20 zokha n'kudzuka kuyang'ana. Munthu wotopa ngati mmene analili iyeyo alamu akhoza osaimva. Anandiuza kuti usiku wina anadzidzimuka AIS ikulira, sakudziwa kuti wagona nthawi yaitali bwanji.

Vutolo ndinalipeza pa mphindi 10. Panali polumikizira mawaya pamodzi pakati pa kampasi ya autopilot ndi bokosi lake, pinasi imodzi inamasuka ndi kugwedezeka. Polumikizirapo ndinapanga ndine, ndipo ndinapabisa kuseri kwa kabolodi komangidwa ndi masikuluwu 6 chifukwa ndimafuna m'kati muzioneka mwaudongo, ndipo ndivomere kuti m'mutu mwanga munalinso za alendo a kampani omwe azidzasuzumira m'botimo. Mnyamatayo sankadziwa n'komwe kuti pamenepo pali cholumikizira. Anafufuza paliponse pomwe amatha kuona, pomwe panali vutolo panali potsekedwa ndi ine. Pinasi kumasuka zimachitika, mchere ndi kugwedezeka zimamasula chilichonse. Kulakwa kwanga kunali koti ndinamanga magetsi oti ine ndiwamvetse ndili pa yadi masana, pomwe wokawagwiritsa ntchito ndi munthu wosagona masiku atatu, tochi ili pamphumi, boti litapendekeka. Usiku umenewo sindinagone, ndinkangoganiza za chombo chija.

Kuyambira pamenepo ndinasintha kagwiridwe konse. Mabolodi obisa mawaya ndinachotsa onse. Polumikizira paliponse ndinapabweretsa poonekera, pofikika ndi dzanja limodzi, waya aliyense ali ndi dzina mbali zonse ziwiri lolembedwa ndi zilembo zazikulu, mafyuzi onse pamalo amodzi, osungira atamatidwa ndi tepi pambali pomwepo. Chithunzi cha mawaya onse tinachikuta ndi pulasitiki n'kumata padenga pamwamba pa pogona. Chachikulu, ndinasiya kugwira zida. Nyengo yozizira yonse ntchito iliyonse pa botilo amagwira ndi iyeyo, ine nditakhala pa ndowa ndikuyang'ana. Ntchito ya ola limodzi imatenga maola atatu, pena ndimachita kukhalira manja kuti ndisamulande sipanala, koma anaphunzira kuwotcherera waya, kusakaniza guluu wa epoxy ndi kumata faibala pamalo onyowa, kuluka diso pa chingwe cholimba cha Dyneema, kusoka thanga, kuchotsa chiwongolero n'kuika chosungira boti lili pamadzi. Madzulo ena ndimalowa m'boti iye kulibe, n'kumasula waya mmodzi kapena kuika fyuzi yakupsa, kukada ndimamuitana kuti mphwanga autopilot yafa, ndikuwerenga nthawi. Ulendo woyamba anatha mphindi 50 ali wokwiya, pofika mu Epulo amapeza zisanakwane 10. Kukwera mlongoti yekha ndi zida zokwerera tinayeserera padoko kaye, kenako kunja kuli timafunde, chifukwa mlongoti womwe uli phee padoko ndi womwe ukugwedezeka panyanja ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Masiku a antchito a kampani aja ndisawaiwale. Anali anthu abwino ndipo chisangalalo chawo chinamulimbitsa mtima mnyamatayo, ena anabwera mpaka ku Les Sables kudzatsazika. Koma kaboti aka sikanapangidwire alendo, tsiku lina wina anatsamira chitsulo cha mpanda n'kuchipinda mpaka pansi pake panayamba kulowa madzi, ndipo tsiku lililonse la alendo limadya masiku awiri, lokonzekera ndi lokonza. Masiku awiri omaliza a alendo anagwera mu Ogasiti wa chaka cha mpikisano, nthawi yomwe boti limayenera kukhala litatsekedwa osakhudzidwanso. Tinawapempha kuti alendo akwere boti lina la injini azitsatira pambali, anavomera. Ndikanakhala nawo polemba kontirakiti ndikanaika kuti masiku onse a alendo athe pofika Juni.

Za chitetezo sindichulutsa chifukwa mndandanda wake ulipo ndipo oyendera sanyengerera, chosowa chimodzi sunyamuka. Boti la Mini limayenera kukhala ndi thovu lokwanira m'kati kuti lisamire ngakhale litadzaza madzi, ndi kachitseko kothawira kumbuyo, ndipo bwato lopopa lopulumukira liyenera kutuluka pa masekondi 15. Tinayesa ndi wotchi, ulendo woyamba linakodwa pa chingwe cha masola, tinasuntha chingwecho. EPIRB ya 406 MHz, chida choitanira opulumutsa kudzera pa satelaiti, tinaonetsetsa kuti yalembetsedwa m'dzina la mwini watsopano, anthu ambiri ogula maboti akale amaiwala zimenezi ndipo opulumutsa amakaimbira munthu wolakwika. Suti yopulumukira m'madzi ozizira, kathanga ka namondwe kaolenji, sextant yopezera pomwe uli poyeza dzuwa ndi nyenyezi, mankhwala, maphunziro a kupulumuka panyanja ndi a chithandizo choyamba, zonse zinatheka nthawi ikadalipo.

Chomwe chinatitengera maganizo ndi kulongedza. M'mabotiwa katundu amasamutsidwa nthawi iliyonse boti likatembenuka, zigubu za madzi, chakudya, matanga, zida, zonse kupita mbali yomwe mphepo ikuchokera, kapena kumbuyo mphepo ikakula, ndipo ndi ntchito yothyola msana m'kachipinda komwe munthu sangaimirire. Ndiye zikwama tinazipanga zolemera mofanana, zogwirika ndi dzanja limodzi, chilichonse ndi mtundu wake. Chakudya chouma chija chongothira madzi otentha tinachiika m'timatumba ta tsiku ndi tsiku tolembedwa manambala, kuti akatopa asamaganize kuti ndidya chani, komanso kuti akaona kathumba ka dzulo kakadali kodzaza adziwe kuti sakudya mokwanira. Kampani inatumiza bokosi la zipewa ndi mbendera kuti apite nazo, tinatengapo mbendera imodzi ndi chipewa chimodzi zojambulitsira pofika, zinazo zinapita pa ndege ndi mchemwali wake.

Matanga atsopano anafika mu Meyi, spi yamitundu ija inatuluka yokongola zedi ndipo zithunzi zake ndi zomwe kampani inagwiritsa ntchito kwambiri. Sabata yomaliza ku Les Sables sindinalole chatsopano chilichonse kulowa m'boti, ngakhale anzake pa doko ankamuonetsa tizida tosiyanasiyana. Tsiku lonyamuka boti linakokedwa kutuluka mu ngalande ija yomwe amatulukira a Vendée Globe, poti lilibe injini, ine ndinamasula chingwe chomaliza n'kumuponyera.

Gawo loyamba la ulendo nkhawa yanga inali pa Cape Finisterre, kumpoto chakumadzulo kwa Spain, pomwe mphepo imakula ndipo pali njira ya zombo yomwe ochita mpikisano saloledwa kulowamo, komanso anamgumi a orca omwe kuyambira 2020 akhala akuluma ziwongolero za maboti kugombe la Spain ndi Portugal. Iye sanakumane nawo. Nditakwera m'boti ku La Palma ndinayamba ndi keel, nthiti zomwe tinamata zinali gwa, zitsulo za ziwongolero ndinazipoperanso mankhwala ofiira, panalibe mzere. Chomwe ndinapeza ndi chingwe chokwezera spi chitaperepeseka kupitirira theka pomwe chimatulukira pamwamba pa mlongoti, kawilo kake kanali ndi kam'mphepete kakuthwa komwe tonse awiri sitinakaone. Gawo lachiwiri spi imakhala m'mwamba masiku ambiri osatsika, chikanaduka ndithu. Anakwera yekha, anasintha kawiloko, chingwe tinachiveka chikopa cha Dyneema, ndipo tinagwirizana kuti tsiku lililonse azichisuntha pang'ono kuti pokhuzana pasakhale pamodzimodzi.

Kuwoloka kwenikweniko ndinakuonera pa mapu a pa intaneti ngati wina aliyense. Tsiku la 8 liwiro lake linatsika mwadzidzidzi usiku, kadontho kake kakuyenda mokhotakhota, mayi a ku kampani anandiimbira m'mamawa mawu akunjenjemera kufunsa ngati ali moyo. Ndinawauza kuti boti likuyendabe ndipo sanakanikize batani la ngozi, tidikire. Patatha maola angapo liwiro linabwerera. Ku Saint-François anadzatiuza kuti mkono wa autopilot unapsa mphepo yamkuntho itamupeza spi ili m'mwamba, anatsitsa spi, anaika mkono wosungira mumdima, unakana, anatsata mawaya pa chithunzi chapadenga chija mpaka anapeza fyuzi yomwe inapsa limodzi ndi mkonowo. Maola ena onsewo anali kugona, anaona kuti mutu sukugwira ndiye anayenda ndi matanga ochepa mpaka kucha. Udzu wa m'nyanja wa sargassum unamuvutitsanso masiku omaliza, umakola pa keel ndi pa ziwongolero, amachita kuuchotsa ndi ndodo kangapo pa ola.

Anafika chapakati pa gulu la série. Kampani yanena kuti ikufuna kupitiriza naye, ndipo nthawi ino kontirakiti yabwera kwa ine kaye asanasaine, ndalembamo kuti gawo loyamba la ndalama lisalumikizidwe ndi zithunzi, ndi kuti boti liziyamba layenderedwa lonse ndalama isanagawidwe. Boti likubwerera ku France pa chombo chonyamula katundu, mlongoti utagonekedwa pamwamba. Likafika tiyamba ndi kutsitsa keel kuti tione mabawuti, kenako mkono wopsa uja ndikufuna tiutsegule limodzi pa benchi, chifukwa iye akuti unayamba kulira mwachilendo masiku awiri usanafe ndipo ine ndikuganiza kuti madzi analowera pa labala ya kutsogolo.